Nebert, Mwana Wanga Amene Anafunsa Mlendo Ngati Adya

Nebert Kachingwe ndi mwana wa malemu a Bauleni Kachingwe, amene ankakhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa Msika wa Lilongwe, ndi wa ine Anastazia Nambewe wa ku Mitundu, wogulitsa nyemba ndi mtedza mumsika womwewo kuyambira azungu asanatule boma. Ana ake ndi awiri, Consolata ndi Marcelina, ndipo onsewo ndawalera ndine. Ine ndinabereka asanu. Anayi ndinakawaika ku Mitundu asanadziwe n'kuitana komwe kuti amayi. Wotsala ndi Nebert yekhayu, ndipo wowerenga asaiwale zimenezo.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 kwa asisitere, koma cholembera ndimachigwira. Ndalemba chifukwa nkhani ya mwana wanga yakhala ikuyenda m'kamwa mwa anthu zaka khumi ndi ziwiri, aliyense akuthirako mchere wake. Ena amati maphunziro anamuzunguza mutu. Ena amati mkazi anamudyetsa khuzumule. Mwa onenawo palibe ndi mmodzi yemwe amene analipo pa tsikulo. Ine ndinalipo.

Anabadwa mu 1946. Ali wamng'ono ntchito yake inali yoyesa ndowa za bambo ake. Ndowa ikakhomedwa ankaidzaza madzi n'kuikhazika pa mchenga wouma, iye n'kunjuta pambali kudikira ngati pansi panyowe. Akaona kadontho sankadziwa kubisa, ngakhale wogula ataima pomwepo. "Ikudontha, ababa." Bambo ake ankamukoka khutu, koma wogula akachoka ankandiuza akuseka kuti mwana uyu malonda sadzawatha, tingomupereka ku boma.

Ku boma anapitadi, ku ntchito za madzi. Pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno, tchire lija la kutsidya kwa Lingadzi likusanduka misewu ndi maofesi, mipope yambiri imene yagona pansi pa City Centre inadutsa m'manja mwake. Amene mumatsegula mpope kumeneko n'kumwa osaganiza kanthu, dziwani kuti mwana wa wokhoma ndowa anaimapo padzuwa.

Mu 1971 anakwatira Eneless, mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndinene pompano, wina asadzati ndinkamuda: anali mpongozi waulemu. Madzi ankandipatsa atagwada. Pa maliro a amuna anga mu 1974 anagona pa mphasa pambali panga mpaka tsiku lometa. Anali ndi kanthu kamodzi kokha kamene sikankanenedwa. Bambo ake, a ku Dedza, anagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe n'kukwatira Mbemba. Eneless anabadwira komweko. Banja litatha, bambowo anabwerera kuno ndi mwanayo ali ndi zaka khumi, n'kumulembetsa sukulu ngati wobadwira ku Dedza. Ine ndinazidziwa ali m'chikuta ndi Consolata, nditamumva akutonthoza khanda ndi nyimbo ya chilankhulo chimene sindinachimve. Anandiuza zonse, ine n'kumuuza kuti zithere pompano. Masiku amenewo Zambia silinali dzina lotchula mokweza, poti ankati oukira boma amabisala kumeneko.

Mu 1977 boma linatumiza Nebert ku Holande kukaphunzira za madzi, chaka ndi theka. Pobwera, abale anadzaza nyumba yanga ku Mchesi mpaka pakhonde. Sindikuwanena. Tinazolowera kuti wochokera ku Joni amabwera ndi gumbagumba, mabulangete ndi masuti, ndipo aliyense amalawako. Nanga wokwera ndege? Masutikesi atatsegulidwa munali mabuku, jasi la mvula, mphika wachitsulo wolemera ngati mwala wa mphero, ndi kampeni kodulira tchizi. Ine anandipatsa ambulera. Ena onse anawagawira tinsapato tamtengo tokolekera makiyi, kamodzi kamodzi, kotalika ngati chala.

Pagulupo panali alamu anga a Lexon, mphwawo wa amuna anga wa mayi wina. A Lexon ntchito yawo yeniyeni palibe ankaidziwa. M'mawa ankaima pa chipata cha msika kufunsa anthu makhadi a chipani, masana ankaoneka akudya ndi anthu ena ovala bwino amene mayina awo sitinkawafunsa. Anakweza kansapatoko m'mwamba kuti onse aone.

"Nsapato imodzi, mwananga? Inzake ikubwera pa ndege ya mawa?"

Anthu anaseka.

"Ndi kokolekera makiyi, abambo," anatero Nebert.

"Eya, ndamva. Makiyi a galimoto imene wandigulira. Waiimika kuti?"

Anthu anasekanso, Nebert naye n'kuseka, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Atabalalika ndinamufunsa ngati m'dziko lonselo munalibe ngakhale malaya a bambo ake aang'ono. Anandiyankha kuti kumeneko mkulu wa ntchito zonse za madzi amabwera ku ofesi pa njinga, buledi wake atamukulunga m'kapepala, ndipo munthu woonetsa chuma amasekedwa. Ndinati, "Bambo a Konso, kumeneko n'kumeneko. Kuno munthu wosaonetsa chuma amafunsidwa kumene wachibisa."

Anamukweza pa ntchito n'kumupatsa nyumba ku Area 11, ya zipinda zitatu, ya sitovu yamagetsi ndi filiji, kuseri kuli kanyumba ka wantchito. Kanyumbako kanangokhala kotseka, poti anakana kulemba khuki. Anzake a udindo womwewo onse anatenga magalimoto. Iye anagula njinga, n'kumakwera chitunda cha Capital Hill atamanga miyendo ya buluku ndi timphira, amesenjala akuchita manyazi kumupitirira. Lachitatu ndi Loweruka ankaphika yekha, atavala epuloni. Ndipo makatani sankatseka. Ankati ku Holande nyumba zonse zimaonekera mkati, wotseka makatani ndiye amaganiziridwa kuti ali ndi chobisa.

Tsono taganizani. Alonda, akhuki ndi olera ana a ku Area 11 amagona ku Kawale ndi ku Mchesi, ndipo nyemba amagula kwa ine. Ankadutsa pamsewu n'kuona bwana wa madzi ataima pa sinki akutsuka mbale, mkazi wake atakhala pa tebulo akuchonga makope a ana asukulu. Nkhani inkafika kumsika ine ndisanayale n'komwe malonda. Amene ankandinenera pamaso ndinkawabwezera pomwepo. "Wanga anakwera ndege. Wanu anakwera chiyani, ngolo?" Pagulu mwana wanga sanyozedwa ine ndili moyo. Koma ndikafika ku Area 11 ndinkatseka chitseko n'kumuuza zoona.

Chimene chinkandiwawa kwambiri si epuloni ayi, koma kuwerenga. Asanasende mbatatesi ankayamba wawerenga anthu: wamkulu ziwiri, mwana imodzi. Mphika ukaphulidwa, zonse zinkathera m'mbale, osatsala kanthu. Iye ankati kutaya chakudya ndi tchimo, ndipo kumeneko mwana amaphunzitsidwa zimenezo asanayambe sukulu. Ine ndinkati mphika wa kwathu umaphikira ndi munthu amene sanafike. Ankadyera pamodzi onse pa tebulo, mwamuna, mkazi ndi ana, anawo akulongolola ngati ali kudambwe. Nkhuku ikaphikidwa, nthutumba, imene aliyense amadziwa kuti ndi ya mwininyumba kapena mlendo wolemekezeka, ankaidula pakati n'kugawira tiatsikana take. Ndipo anali ndi kabuku kolembamo masiku a alendo. Ngakhale ine amake ndinkayamba ndatumiza mawu kuti ndibwera Loweruka.

Eneless zimenezi sankazikonda. Mwamuna wake akachoka ankakoka makatani, ndipo mu filiji ankabisamo kambale ka ndiwo kuti wina akatulukira asachite manyazi. Nebert akakapeza ankakatenthetsa n'kukaika pa tebulo, kuti kasawonongeke.

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, 1979, cha m'ma wani koloko. Ine ndinalipo, ndinali wolembedwa m'kabuku. Tinali asanu pa tebulo, mbatatesi zisanu ndi zitatu ndi nyama ya ng'ombe zitagawidwa kale m'mbale. Tinangomva odi pakhomo. Anali a Lexon, thukuta lili kamukamu, atayenda pansi kuchokera pa siteji ya basi ku City Centre. Sanali okha. Kumbuyo kwawo kunali bambo wina wochepa thupi, wa nsapato zofiirira zopukutidwa bwino, amene anangomutchula kuti mnzanga. Ndinazindikira msanga chimene anadzera. Anabwera kudzaonetsa munthuyo kuti nawonso ali ndi mwana wokhala ku mayadi.

Nebert anatsegula chitseko epuloni ili m'chiuno.

"Abambo, takulandirani. Koma simunanene kuti mukubwera, ndiye tili pa tebulo. Kodi mudya? Ngati mudya ndikukazingireni mazira."

Kwathu mlendo safunsidwa ngati adya. Umangobwera ndi madzi osamba m'manja n'kugwada, zokana azikana chakudya chili patsogolo pake. Ukamufunsa wamuuza kale kuti chakudya chilibe malo ake, ndipo munthu waulemu wake sangayankhe kuti inde, ngakhale atagona ndi njala masiku awiri. Nebert anakulira m'nyumba mwanga, zimenezi ankazidziwa. Chaka ndi theka chinamuchotsa zimene ndinamuika zaka makumi atatu.

A Lexon anayang'ana mnzawo uja, kenaka anaseka.

"Tadya kale, mwananga. Tadya dzulo."

"Chabwino, khalani pa mipando. Timalize kaye."

Ine ndinanyamula mbale yanga kuti ndikawapatse, Eneless naye anali ataimirira kale kulunjika kukhitchini. Nebert anatigwira ndi mawu. "Amayi, khalani mudye. Anena okha kuti adya." Sananene mwachipongwe. Anakhulupiriradi kuti munthu akati wadya ndiye kuti wadya. Ndinakhala, chifukwa kukangana ndi mwana wako pamaso pa mlendo ndi kumuvula kawiri. Pakati pa tebulo ndi pabalaza panalibe chitseko. Anthu awiri aja anakhala pabalazapo, akumva mipeni ndi mafoloko zikulira m'mbale.

Titatha anawapangira khofi. Anabwera ndi chitini cha mabisiketi, anapatsa aliyense imodzi, n'kutseka chitinicho, monga ankachitira amene ankamusunga ku Holande. Mlendo wa nsapato zofiirira anali asanayankhule chilowereni. Maso ake okha ndiwo ankayenda: pa wailesi yogwira mayiko akutali, pa makalata a masitampa achilendo amene anali pa shelefu, pa mazenera osatseka.

"Galimoto ili kwa amakaniko, bwana?" anafunsa.

"Ndilibe galimoto."

"Ooh. Ndi wantchito yemwe mulibe. Malipiro onse aja amathera mbatatesi?"

A Lexon anaseka mokweza. Nebert anati amasunga.

"Kusunga n'kwabwino," anatero mlendoyo. "Nanga kumene munaliko, anthu amati chiyani za dziko lathu lino?"

Ndinamuyang'ana Nebert ndi diso limene ndinkamuyang'ana nalo ali mwana akafuna kuyankhula pamaso pa wogula. Sanandione.

"Kunena zoona, ambiri salidziwa n'komwe kuti lili kuti."

Wailesi inkatiuza tsiku ndi tsiku kuti mayiko onse amatisirira. Mlendoyo sanakwiye, sanalembe kanthu. Anatola nyenyeswa za bisiketi zimene zinagwera pa bondo lake, kamodzi kamodzi, n'kuziponya m'kamwa. Kenaka anathokoza chifukwa cha khofi, nanyamuka.

Sabata yoyamba kunalibe kanthu. Yachiwiri, Asiatu, mnzanga wogulitsa mpunga pa benchi loyandikana ndi langa, anawerama ngati akutola chogwa n'kundinong'oneza. "Anambewe, alamu anu akuyenda ndi nkhani. Akuti ku Area 11 kuli munthu wa malipiro aakulu amene sagula kanthu, sadyetsa munthu, amangolandira makalata akunja. Akufunsa kuti ndalamazo amadyetsa ndani." Sanatchule oukira boma. Sipankafunika kutchula.

Zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Makalata a Nebert ankafika atamatidwa kawiri. Ku ofesi anzake amene ankakhala naye pa nkhomaliro anayamba kukhala ndi zochita nthawi imeneyo. Galimoto yoyera inayamba kuima pansi pa mtengo moyang'anana ndi nyumba yake, masana dzuwa lili pamutu, mkati muli anthu awiri osatsika. Kumsika, amayi amene anagula nyemba kwa ine zaka khumi ankadutsa benchi langa maso ali kumbali. Ndinkadziwa mathero ake. Chaka chapitacho nyumba yachitatu kuchokera pa ya Nebert anatengamo mwininyumba ali ndi thaulo paphewa, ndipo sabata isanathe mkazi wake anali pamwamba pa lole ndi mipando, mvula ikuwavumba. Mwamunayo mpaka lero palibe wanena kumene ali.

Ndinapita kukamuchonderera. Ndinati gula galimoto ngakhale yakutha, itana bambo ako aang'ono uwaphere nkhuku, tseka makatani.

"Amayi, ndikatseka lero ndiye aziti ndayamba kubisa. Ine ndilibe chobisa."

"Uja anamutenga ndi thaulo paphewa anali ndi chobisa?"

Anapitiriza kupopa njinga yake.

Ndinaona kuti zatsalira ine. Ndinagula tambala wamkulu kuposa onse amene anali mumsika tsiku limenelo, ndinamuphika ndekha ku Mchesi, n'kumuika m'bakuli wathunthu, nthutumba ili pamwamba poonekera. Ndinasenza mpaka ku Kawale kwa a Lexon. Ndinawapeza pakhonde akusita malaya ndi simbi yamakala. Ine mkazi wa akulu awo, wa imvi, ndinagwada pa dothi n'kuwathirira madzi m'manja.

"Alamu, mwabwera osalembetsa m'kabuku?" anatero. "Ndidye, kapena muyamba mwandifunsa?"

"Idyani, alamu. Mwana wanu analakwa. Mwana akakuipitsira pa mwendo sudula mwendowo."

"Mwana wanga? Ine ndili ndi mwana ku mayadi? Ine ndili ndi kansapato kamodzi basi."

Anayamba ndi nthutumba. Anadya mosafulumira, ine ndili chigwadire, mpaka m'bakuli munatsala mafupa ndi khosi. Atasamba m'manja anayankhula ndi mawu ena, otsika.

"Ine ndakhululuka, alamu. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma mnzanga uja si m'bale wathu. Kumene amagwira ntchito, pepala likatsegulidwa silitsekedwa lopanda munthu. Pakali pano palembedwa dzina limodzi."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Ine ndimawauza kuti mwana wa achimwene anga sangazitole yekha zimenezi. Mwamuna salowa m'khitchini popanda womukankha. Alipo amene akumuphunzitsa, amene ali ndi anthu ake kunja. Koma amandifunsa kuti ndani, ine n'kusowa poloza." Anatokosa m'mano ndi kachitsotso. "Mpongozi wanu uja, Chichewa chake chili ndi kafungo kena. Kwawo kwenikweni n'kuti?"

Ndikanatha kunena kuti ku Dedza. Mapepala onse ankatero, ndipo bambo ake anali atamwalira, panalibe wonditsutsa. Ndikanatero, a Lexon akanandithokoza chifukwa cha nkhuku, ine n'kubwerera ku Mchesi, pepala lija n'kukhalabe ndi dzina limodzi lomwelo. Ndinkadziwanso kuti Eneless ndiye ankakoka makatani, ndiye anaimirira kuti akaphikire alendo. Sindinaiwale chilichonse mwa zimenezi. Ndinayang'ana mafupa m'bakuli, ndinaganiza za timanda tinayi ta ku Mitundu.

"Anabadwira ku Kitwe," ndinatero. "Amayi ake ndi Mbemba, ali komweko."

"Ahaa. Ndipo mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mpongozi wanuyo ndi wa komweko," anatero a Lexon. "Dzukani, alamu, maondo angapweteke."

Sanandimenye, sanandiopseze ndi chilichonse. Bodza sindinanene. Ndinanena ndekha, ndikudziwa kumene mawuwo akupita.

Panapita masabata atatu. Lachiwiri lina, nthawi ya buleki, amuna awiri anafika pa sukulu imene Eneless ankaphunzitsa. Anamulola kudzera kunyumba kukatenga sutikesi imodzi. Anapempha ana, anamuuza kuti anawo ndi a dziko lino, iye yekha ndiye mlendo. Consolata anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Marcelina zinayi. Dzuwa lisanapendeke anali atamutula pa chipata cha Mchinji. Nebert anabwera madzulo pa njinga yake n'kupeza ana ali kwa oyandikana nawo, choko cha amayi awo chili pa tebulo.

Galimoto yoyera ija sinabwerenso.

Nebert anayenda m'maofesi miyezi iwiri, mpaka mkulu wina womufunira zabwino anamukokera pambali n'kumuuza kuti asiye, aziyamika kuti mphepo yadutsa pambali. Tsiku lina m'mawa ndinangoona waima pa benchi langa, pakati pa ogula.

"Amayi, za ku Kitwe ankadziwa ndani?"

"Iwe, ine, ndi malemu bambo ake."

"Ine sindinanene."

"Ndinanena ndine."

Asiatu anasiya kuyeza mpunga. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena agubuduza malonda anga, ndipo ndikanalola. Iye anayang'ana nyemba, anachotsamo kamwala kamodzi n'kukaika pambali, nachoka. Loweruka lotsatira anabwera ndi ana ndi zovala zawo ku Mchesi. Anati, "Mwawafuna, alereni."

Ndinawalera, ndipo aliyense wa ku Mchesi anganene ngati anagonapo ndi njala kapena kupita kusukulu ndi diresi long'ambika. Consolata chaka chino akumaliza za unamwino. Marcelina ali Folomu 3 ndipo masamu amaposa anyamata onse a m'kalasi mwake. Amadziwa kuti amayi awo anathamangitsidwa m'dziko. Pakamwa pamene panachokera mawuwo sakupadziwa, bambo awo sanawauze. Eneless tinamva kuti anasendera ku Chipata, akuphunzitsa komweko. Kalata sangalembe. Amayi ena ogula zitenje kumeneko ndiwo amabwera ndi mawu apakamwa, kawiri kapena katatu pa chaka, ofunsa ngati ana akula. Ine sanandituminzepo mawu, abwino kapena oipa.

Nebert sanakwatirenso. Chaka chisanathe anagulitsa njinga n'kugula galimoto. Anasoketsa makatani okhuthala. Analemba khuki, bambo wa ku Ntcheu, n'kumulamula kuti aziphika zokwanira anthu asanu ndi mmodzi ngakhale m'nyumba muli munthu mmodzi. Mphika wachitsulo uja uli kuseri, amamweramo agalu a mlonda. A Lexon amapita kumeneko Loweruka lililonse limene afuna, osatumiza mawu, nthawi zina ndi anzawo. Nebert amawathirira yekha madzi m'manja n'kuwasendezera nthutumba. Anthu amati tsopano anachira, anakhala munthu. Anamukwezanso kawiri pa ntchito. Ine ndimamuona kumapeto kwa mwezi, akabwera kudzaona ana. Amandipatsa moni wonse woyenera, amafunsa za msana wanga, ndipo mawu okweza sanandiyankhulepo. Ali moyo, amayenda ndi miyendo yake, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Amene akufuna kundiweruza ayambe waika ana anayi m'manda.

Chaka chino cha 1991 Consolata wapeza banja, mnyamata wa ku Namitete wogwira ntchito ku banki, ndipo ukwati uli mu Seputembala. Mwezi watha Nebert anabwera pakati pa sabata, ana kulibe. Anakana kulowa, anakhala pakhonde.

"Amayi, zaka khumi ndi ziwiri sindinakupempheni kanthu."

"Ndikudziwa."

"Ndikufuna amake Konso adzakhale pa ukwati wa mwana wawo. Ndafufuza. Bambo uja wa nsapato zofiirira pano ndi wamkulu, ndipo akuti njira ilipo imodzi. Amene anapereka mawu apite yekha, kudzera kwa abambo a Lexon, akanene kuti anasokoneza, munthuyo ndi wa ku Dedza monga mapepala akunenera."

"Ndiye akadzafunsa kuti nanga amene ankaphunzitsa bwana wa madzi zachilendo uja anali ndani? Akadzavundukula zakale zonse, makalata aja, mawu aja unanena pa khofi? Ukuganiza kuti anataya?"

"Zimenezo n'zanga."

"Si zako wekha. Ndinakubereka ndine."

"Munamutulutsa ndi pakamwa panu, Amayi. Mukamulowetse ndi pakamwa pomwepo."

Ndinati ndiganize. Anati ganizani, koma masiku sakudikira. Anadzuka, nasasa fumbi pa buluku, n'kukalowa m'galimoto yake.

Dzana a Lexon anadutsa pa benchi langa. Akalamba, akuyenda ndi ndodo, koma maso ndi omwe aja. Anatapa mtedza wodzaza dzanja monga amachitira nthawi zonse, n'kuyamba kuswa ataima pomwepo, makoko akugwera pa mapazi anga.

"Ndamva kuli ukwati, alamu. Zabwino zimenezo. Nanga pa mpando wa mayi a mkwatibwi padzakhala ndani?"

Ndinati sitinakambirane.

"Kambiranani bwino. Mnzanga uja amamufunsabe mwana wathu. Akuti sanaiwale khofi wake."

Kuti ndili ndi mangawa kwa Nebert sindikana, ndipo kwa Eneless ndi aakulu kuposa pamenepo. Ndikudziwa chimene akufuna, ndikudziwa khomo, ndipo miyendo yanga ikhoza kufikako. Koma akundipempha kuti ndikatsegule ndi manja anga pepala limene ndinagwadira pa dothi kuti litsekeke, ndipo Nebertyo ndi yemwe adzakhale mkatimo. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Nsalu ya ukwati ndagula, mpunga Asiatu wandisungira. Ku Kawale sindinapitebe.